MANKHWALA OGONETSA PA OPALESHONI NDI MTIMA WA MWANA WANU

Mawu oyamba

Inu amayi amene mumabwera ndi ana anu kusikelo mwezi ndi mwezi, mudziŵa kuti ntchito ya kusikelo siithera pa kuyeza kulemera kwa mwana ndi kumbaya katemera. Nthaŵi zina anamwino akamvetsera pachifuŵa cha mwana amatumiza mayi ku chipatala chachikulu, ndipo kumeneko adokotala amanena kuti mwanayo afunika opaleshoni. Amayi ambiri akamva mawu ameneŵa amagwidwa ndi mantha, ndipo chimene amaopa kwenikweni ndicho mankhwala ogonetsa. Amafunsa kuti, "Kodi mwana wanga adzadzuka? Kodi mtima wake sudzaima?" Ena amathaŵa naye mwana usiku opaleshoni isanachitike, ndipo matenda amene akanachizika amakula mpaka kumupha.

Phunziro lino lifotokoza mmene mtima umagwirira ntchito, mmene umavulalira ukasoŵa magazi, ndi zimene akatswiri apeza zokhudza mankhwala ena ogonetsa amene amaukonzekeretsa mtima kupirira nthaŵi yovuta. Lifotokozanso mbali yanu. Liŵerengeni mofatsa, ndipo muŵerengerenso anzanu amene sadziŵa kuŵerenga.

1. Ntchito ya mtima

Mtima ndi mnofu wamphamvu umene ukulu wake uli ngati nkhonya ya mwiniwake. Ntchito yake ndi kupopa magazi kuti afike m'ziŵalo zonse za thupi. Magaziwo amanyamula chakudya ndi mpweya wa okosijeni umene timaukoka m'mapapo. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku umagunda pafupifupi ka 100,000. Mtima wa khanda umathamanga koposa, pakuti umagunda ka 120 kufikira ka 160 pa mphindi. Mkono ukatopa umapuma, koma mtima ulibe tsiku lopuma kuyambira m'mimba mwa mayi mpaka imfa.

Ngakhale kuti magazi onse a m'thupi amadzera m'zipinda za mtima, mnofu wa mtimawo sudya magazi ameneŵa mwachindunji. Uli ndi mitsempha yakeyake iŵiri imene imaphuka pa tsinde la mtsempha waukulu nkuyanga pamwamba pa mtima wonse monga mizu. Mitsempha imeneyi ndiyo imadyetsa mtima. Umodzi ukatsekeka, chigawo cha mtima chimene umadyetsa chimagwa m'njala.

Mnofu wa mtima unapangidwa ndi tizigawo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kati mwa selo lililonse muli timatumba tambirimbiri totchedwa mitochondria. Timatumba timeneti tili ngati mafuwa a m'khitchini: pamenepo ndi pamene chakudya chimapserezedwa ndi okosijeni kuti chitulutse mphamvu yogundira mtima. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo la mtima ndi timatumba timeneti.

2. Zimene zimachitika mtima ukasoŵa magazi

Magazi akaleka kufika pa chigawo china cha mtima, moto wa m'timatumba tija umayamba kuzilala. M'mphindi yoyamba yomweyo chigawocho chimafooka ndipo chimaleka kugunda bwino. Zinyalala zimene magazi akanachotsa zimaunjikana, ndipo mchere wa calcium umayamba kudzaza m'maselo mopitirira muyeso. Magazi akabwerera msanga, maselo amachira. Koma pakapita mphindi zoposa 20, maselo ena amayamba kufa, ndipo nthaŵi ikamapita ndi pamenenso ochuluka amafa. Mnofu wa mtima umene wafa sumeranso. Pamalo pake pamatsala chipsera chimene sichipopa magazi.

Pali chinanso chodabwitsa. Kubwerera kwa magazi, kumene kuli kofunika kuti mtima upulumuke, nakonso kumavulaza. Mudziŵa chimene chimachitika mukathira madzi ozizira mumphika wadothi umene wakhala pamoto wopanda kanthu: umang'aluka. Momwemonso okosijeni akaloŵa mwadzidzidzi m'maselo amene anali m'njala, amapanga tinthu taukali timene timawononga zikopa za maselo. Pa timatumba ta mphamvu pamatseguka chiboo chachikulu, timatumbato timatupa ndi kuphulika, ndipo selo limafa ngakhale kuti magazi afika. Motero mtima umavulala kaŵiri, poyamba pamene magazi asoŵa, kenaka pamene abwerera.

3. Chifukwa chake nkhaniyi ikhudza opaleshoni

Mwa ana 100 alionse obadwa, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema cha mtima. Ena amakhala ndi chiboo pakhoma lolekanitsa zipinda za mtima, ena mitsempha yawo imakhala yopapatiza kapena yolumikizika molakwika. Ziboo zina zazing'ono zimatsekeka zokha mwana akamakula, koma zina zimafunika kusokedwa. Ana okulirapo, makamaka a zaka 5 kufikira 15, angawonongeke zitseko za mtima chifukwa cha zilonda za pakhosi zimene sizinachizidwe. Ana otere amayezedwa ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ena amatumizidwa kunja kwa Malaŵi, monga ku India, kukachitidwa opaleshoni.

Dokotala sangasoke m'kati mwa mtima umene ukudumphadumpha ndi kudzaza magazi. Nchifukwa chake pa opaleshoni yambiri ya mtima, magazi a wodwala amapatutsidwira m'makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo kwa kanthaŵi. Makina otere anagwiritsidwa ntchito bwino koyamba ndi dokotala John Gibbon ku Philadelphia, m'dziko la America, mu 1953. Kenaka mtsempha waukulu umapanidwa, ndipo mtima umaimitsidwa ndi madzi okhala ndi mchere wa potassium, kaŵirikaŵiri ozizira, kuti usadye mphamvu zambiri. Ntchito ikatha, chopanira chimachotsedwa, magazi amabwerera, ndipo mtima umayambanso kugunda. Mukuona tsono kuti pa opaleshoni yotere mtima umadutsa m'zovuta zonse ziŵiri zija. Kusiyana kwake ndi matenda a mwadzidzidzi nkwakuti pano madokotala amadziŵiratu ola limene njalayo idzayambe, kotero ali ndi mpata woukonzekeretsa mtima.

4. Mankhwala ogonetsa

Kale opaleshoni inkachitika munthu ali maso, atagwiridwa ndi anthu amphamvu. Pa 16 Okutobala 1846, William Morton anaonetsa poyera ku chipatala cha Massachusetts General ku Boston kuti munthu wokoka nthunzi ya mankhwala a ether sangamve mpeni. Chaka chotsatira, James Young Simpson wa ku Edinburgh anayamba kugwiritsa ntchito chloroform. Mankhwala aŵaŵa anali oopsa ku mtima, ndipo anthu ena anafa nawo. Anasiyidwa kalekale. Mu 1956 kunayamba kugwiritsidwa ntchito halothane ku England, ndipo pambuyo pake kunabwera isoflurane, sevoflurane ndi desflurane.

Lero mankhwala ogonetsa ali m'magulu aŵiri. Ena ndi okoka ndi mpweya, monga amene tatchula kumeneŵa: mwana amavekedwa kachiphimbo pamphuno ndi pakamwa, amapuma kangapo, nkugona. Ena ndi obaya mumtsempha, monga ketamine ndi propofol. Palinso mankhwala ochititsa dzanzi chigawo chimodzi cha thupi, monga jekeseni ya pamsana imene amayi ambiri amalandira pa opaleshoni ya uchembere. Pa nthaŵi yonse ya opaleshoni, katswiri wogonetsa odwala amakhala kumutu kwa mwana. Sachita ntchito ina koma kuyang'anira kupuma kwake, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi, ndi kuchuluka kwa okosijeni kumene kumaoneka pa kachipangizo kopanidwa pachala.

5. Kukhwimitsa mtima

Mlimi wa fodya kapena wa ndiwo zamasamba amadziŵa kuti mbande yoleredwa ndi madzi ambiri ndi mthunzi imafota msanga ikaokeredwa kumunda. Nchifukwa chake masiku ookera akayandikira amachepetsa madzi ku nazale, kuti mbande zilaŵe ludzu pang'ono. Ludzu lochepalo silizipha, koma limazikhwimitsa kuti zikapirire dzuŵa la kumunda.

Mu 1986, akatswiri atatu a ku Duke University m'dziko la America, Charles Murry, Robert Jennings ndi Keith Reimer, anapeza kuti mtima nawonso umakhwima motero. Iwo anagonetsa agalu nkuwagaŵa m'magulu aŵiri. Gulu loyamba anatseka mtsempha umodzi wa mtima kwa mphindi 40. Gulu lachiŵiri anayamba atseka mtsemphawo mphindi 5, nkutsegula mphindi 5, kubwereza kanayi, ndipo pamenepo ndi pamene anautseka kwa mphindi 40. Munthu akanaganiza kuti gulu lachiŵiri livulala koposa, popeza mitima yawo inasoŵa magazi nthaŵi yaitali. Koma zinali zosiyana. M'gulu loyamba munafa magawo 29 mwa magawo 100 a mnofu umene unali pangozi, pamene m'gulu lachiŵiri munafa magawo 7 okha. Njala yaifupi inauchenjeza mtima, ndipo mtimawo unadzikonzekeretsa. Akatswiriwo anachitcha chinthu chimenechi preconditioning, ndiko kunena kuti kukonzekeretsa pasadakhale.

Anapezanso malire ake. Pamene anatseka mtsempha kwa maola 3, kukhwimitsa kuja sikunapulumutse kanthu. Kukhwimitsa kumachedwetsa imfa ya maselo, koma magazi ayenera kubwerera nthaŵi ikadalipo. Akatswiri ena anaonetsa pambuyo pake kuti chitetezo chimenechi chimabwera kaŵiri. Choyamba chimayamba m'mphindi zochepa nkutha patapita ola limodzi kapena maola aŵiri. Chachiŵiri chimaoneka patapita pafupifupi tsiku limodzi, ndipo chimakhala mpaka masiku atatu.

6. Mmene mankhwala ogonetsa amakhwimitsira mtima

Kutseka dala mtsempha wa mtima wodwala kale nkoopsa. Choncho akatswiri anafuna mankhwala amene angauchenjeze mtima popanda kuumana magazi. Zizindikiro zinalipo kale. Mu 1976 Bland ndi Lowenstein anaona kuti halothane amachepetsa kuvutika kwa mtima wa galu umene mtsempha wake watsekedwa, ndipo mu 1988 David Warltier ndi anzake ku Milwaukee anaona kuti mtima wofooka ndi njala yaifupi umachira msanga galu akagonetsedwa ndi halothane kapena isoflurane.

Umboni womveka unadza mu 1997. Judy Kersten ndi anzake, ku Milwaukee komweko, anapatsa agalu isoflurane, nkuleka kuwapatsa, ndipo pambuyo pake anatseka mtsempha wa mtima kwa mphindi 60. Mnofu umene unafa unali wochepa poyerekeza ndi wa agalu amene sanalandire isoflurane. Chaka chomwecho Brian Cason ndi anzake ku San Francisco anapeza zofanana mwa akalulu. Chofunika kuchimvetsa ndi ichi: chitetezo chinakhalapobe mankhwala atalekedwa kale. Mtima unakhala ngati wakumbukira chenjezo.

Nanga zimatheka bwanji? Akatswiri amafotokoza motere:

(a) Mankhwala okoka ndi mpweya amachoka m'mapapo kuloŵa m'magazi, nkufika m'maselo a mtima. Kumeneko amachedwetsa pang'ono moto wa m'timatumba ta mphamvu.

(b) Moto ukachedwa motero, timatumbato timatulutsa pang'ono chabe tinthu taukali tija. Tikachuluka timapha selo, koma tikachepa timagwira ntchito ya mfuu ya chenjezo.

(c) Mfuuyo imadzutsa amithenga a m'kati mwa selo, amene mmodzi wa iwo amatchedwa protein kinase C. Amithengawa amatsegula timakomo todzera mchere wa potassium. Timakomo timeneti tikatseguka, calcium sadzaza kwambiri m'timatumba ta mphamvu.

(d) Tsono njala yeniyeni ikafika, selo limadya mphamvu zake mosamala. Ndipo magazi akabwerera, chiboo chachikulu chija sichitseguka msanga, timatumba sitiphulika, ndipo maselo ambiri amapulumuka.

(e) Amithenga ena amafika mpaka pakati penipeni pa selo nkulamula kuti lipange zoteteza zatsopano. Kupanga kumeneku kumatenga maola ambiri, ndipo nchifukwa chake chitetezo chachiŵiri chimaoneka tsiku lotsatira.

Kuwonjezera apo, mankhwala ameneŵa amafeŵetsa kagundidwe ka mtima pamene munthu ali mtulo, kotero mtima umafuna okosijeni wochepa. Amathandizanso kuti khungu la m'kati mwa mitsempha lisawonongeke kwambiri magazi akamabwerera.

7. Nanga mwa anthu?

Galu wa m'nyumba yoyeseramo ndi wathanzi, ndipo mtsempha wake umatsekedwa kwa mphindi zoŵerengedwa. Munthu wofunika opaleshoni ya mtima amadwala kale, amamwa mankhwala osiyanasiyana, ndipo opaleshoni yake siifanana ndi ya mnzake. Nkofunika tsono kusiyanitsa zimene zapezeka mwa nyama ndi zimene zapezeka mwa anthu.

Maselo a mtima akavulala amatayira m'magazi chinthu chotchedwa troponin, ndipo poyeza chinthu chimenechi madokotala amadziŵa kukula kwa chivulazo. Mu 2002 Stefan De Hert ndi anzake ku Antwerp, m'dziko la Belgium, anayerekeza akuluakulu ochitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima. Amene anagonetsedwa ndi sevoflurane anali ndi troponin wochepa, ndipo mitima yawo inapopa bwino opaleshoni itatha, poyerekeza ndi amene anagonetsedwa ndi propofol. Kafukufuku wina wochepa m'maiko ena anapeza zofanana.

Koma funso lalikulu ndi lakuti, kodi anthu ambiri amakhala ndi moyo chifukwa cha zimenezi? Mu 2019 kunalengezedwa zotsatira za kafukufuku wamkulu wotsogozedwa ndi Giovanni Landoni wa ku Milan. Anthu 5,400 m'zipatala 36 za m'maiko 13 anagaŵidwa m'magulu aŵiri, ena kugonetsedwa ndi mankhwala okoka, ena ndi obaya okhaokha. Patatha chaka chimodzi, m'gulu loyamba munafa anthu 28 mwa 1,000 alionse, ndipo m'gulu lachiŵiri munafa 30 mwa 1,000 alionse. Kusiyana kumeneku nkochepa kwambiri moti sikusonyeza kuti njira ina iposa inzake.

Phunziro lake kwa inu ndi ili. Mankhwala okoka ndi mpweya ali ndi mphamvu yokhwimitsa maselo a mtima, ndipo madokotala ambiri amawagwiritsa ntchito pa opaleshoni ya mtima. Komabe njira zonse ziŵiri ndi zabwino m'manja mwa katswiri. Mwana wanu akagonetsedwa ndi jekeseni, musaganize kuti wamanidwa chitetezo. Katswiri amasankha molingana ndi msinkhu wa mwana, matenda ake, ndi mtundu wa opaleshoni. Mwana wotaya magazi ambiri, mwachitsanzo, kaŵirikaŵiri amagonetsedwa ndi ketamine, chifukwa mankhwala ameneŵa satsitsa kwambiri kuthamanga kwa magazi.

8. Zimene zimafooketsa chitetezo

Poyesa nyama, akatswiri anapeza kuti kukhwimitsa mtima kumalephereka ngati shuga wachuluka m'magazi, ndipo kumachepa mphamvu mu ukalamba. Anapezanso kuti glibenclamide, mankhwala amene odwala matenda a shuga ambiri amamwa, amatseka timakomo ta potassium tija. Agalu amene analandira mankhwala ameneŵa sanatetezedwe ndi isoflurane. Ngati inu, amuna anu kapena makolo anu mumamwa mankhwala a shuga ndipo mukuyembekeza opaleshoni, musawaleke mwa inu nokha. Auzeni adokotala, ndipo iwo adzakulangizani za kamwedwe kake pa masiku amenewo.

Kwa ana a kuno kwathu, chimene chimautopetsa mtima kaŵirikaŵiri ndicho kuchepa kwa magazi, kumene kumadza ndi malungo, njoka za m'mimba ndi kusoŵa zakudya zoyenera. Magazi ochepa amanyamula okosijeni wochepa, kotero mtima umathamanga kuti ukwaniritse ntchito, ndipo umafika pa opaleshoni uli wotopa kale. Palibe mankhwala ogonetsa amene angakonze zimenezi m'mphindi zochepa. Zimakonzedwa kunyumba ndi kusikelo, masabata ambiri opaleshoni isanafike.

9. Chenjezo

Mwina mudzamva kuti akatswiri anayesanso kukhwimitsa mtima pofinya mwendo kapena mkono ndi lamba woyezera kuthamanga kwa magazi. Nzoona. Mu 2006, ku chipatala cha ana ku Toronto, m'dziko la Canada, anayesa njirayi pa kafukufuku wa ana 37 ochitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo amene anafinyidwa mwendo anali ndi troponin wochepa. Koma mu 2015 kafukufuku wamkulu ku Britain ndi ku Germany sanapeze phindu lake mwa akuluakulu. Zonsezi zinachitikira m'chipinda cha opaleshoni, wodwala ali mtulo, akatswiri akuyang'anira.

Musayese zimenezi kunyumba. Musamange mwana chingwe, mphira kapena nsalu pamkono kapena pamwendo. Musamtseke mphuno kapena kumkanikiza pachifuŵa poganiza kuti mukulimbitsa mtima wake. Kuchita zimenezi kungaphe chiŵalo kapena mwana yemwe. Ndiponso munthu amene akumva kupweteka kofinya pachifuŵa asanene kuti mtima wake ukukhwima. Ameneyo apite kuchipatala nthaŵi yomweyo.

10. Mbali yanu, amayi

*Zindikirani msanga.* Uzani anamwino a kusikelo ngati mwana wanu atopa ndi kutuluka thukuta poyamwa, apuma mofulumira ngakhale alibe malungo, milomo kapena lilime lake zida, adwala chibayo kaŵirikaŵiri, kapena mzere wa kulemera kwake m'buku la kusikelo sukwera ngakhale mukumdyetsa bwino. Mwana wokulirapo akadwala zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi, mtengereni kuchipatala, ndipo amalize mankhwala onse. Akamadandaula kuŵaŵa kwa mfundo kosamukasamuka, lero bondo maŵa chigongono, musachedwe. Amene wauzidwa kuti azibayidwa jekeseni ya penicillin mwezi uliwonse asadumphitse, pakuti jekeseniyo ndiyo imaletsa zitseko za mtima kuwonongeka kopitirira.

*Mkonzekeretseni mwana.* Pitirizani kumuyamwitsa. Ngati wakwanitsa miyezi 6, mpatseni phala lothira nsinjiro, nyemba, usipa, mazira ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe ndi nkhwani. Azigona m'masikito usiku uliwonse. Alandire katemera yense ndi mankhwala a njoka za m'mimba pa nthaŵi yake.

*Nenani zonse kwa katswiri wogonetsa.* Iye adzabwera kudzamuona mwana opaleshoni isanachitike. Muuzeni ngati mwana ali ndi chimfine, chifuŵa kapena kutentha thupi, ngati amakomoka kapena ali ndi mphumu, ndiponso ngati mankhwala ena anamtulutsa ziŵengo. Tchulani mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a zitsamba. Musachite manyazi, pakuti iye safuna kukudzudzulani koma kudziŵa chimene chili m'thupi la mwana. Nenaninso ngati pali wachibale amene anatentha thupi koopsa kapena kumwalira atagonetsedwa pa opaleshoni. M'mabanja oŵerengeka muli chibadwa chimene sichigwirizana ndi mankhwala okoka ndi mpweya, ndipo katswiri akadziŵiratu amasankha mankhwala ena. Opaleshoni ikasunthidwa chifukwa mwana ali ndi chimfine kapena magazi ochepa, musakhumudwe. Achita zimenezo pomuteteza.

*Sungani lamulo la chakudya.* Mwana wogonetsedwa akasanza, masanzi angaloŵe m'mapapo nkumtsamwitsa. Nchifukwa chake zipatala zambiri zimalamula kuti chakudya, phala ndi mkaka wa m'chitini zilekedwe maola 6 opaleshoni isanayambe, bere maola 4, ndi madzi akumwa maola 2. Tsatirani maola amene anamwino akuuzani. Mwana akalira ndi njala, musampatse kanthu mobisa. Ngati wadya mwangozi, nenani poyera. Komanso musamsalitse nthaŵi yaitali kuposa imene mwauzidwa, chifukwa shuga wa m'magazi mwa mwana wamng'ono amatsika msanga. Opaleshoni ikachedwa, funsani anamwino ngati angamwe madzi.

*Msamalireni akadzuka.* Mwana angadzuke akulira, wosokonezeka mutu, kapena ndi mseru. Zimenezi zimatha m'maola ochepa. Musamdyetse kufikira anamwino atalola. Itanani anamwino msanga ngati apuma movutikira, milomo yake yada, thupi lazizira, kapena sadzuka mukamgwedeza. Mukabwerera kunyumba, sungani bala laukhondo, mpatseni mankhwala monga mwauzidwa, ndipo pitani naye kuchipatala pa tsiku limene mwalemberedwa ngakhale akuoneka kuti wachira.

11. Mafunso okambirana

1. Kodi mtima umavulala pa nthaŵi ziti ziŵiri pamene mtsempha wake watsekedwa nkutsegulidwanso?
2. Kodi kukhwimitsa mbande ku nazale kufanana bwanji ndi zimene akatswiri anapeza mu 1986?
3. Nchifukwa ninji mayi sayenera kuda nkhaŵa mwana wake akagonetsedwa ndi jekeseni m'malo mwa mankhwala okoka?
4. Tchulani zinthu zinayi zimene muyenera kuuza katswiri wogonetsa odwala.
5. Kodi kumudzi kwanu anthu amanena zotani za mankhwala ogonetsa? Mungawayankhe bwanji?

Kumbukirani

Opaleshoni iliyonse ili ndi ngozi zake, ndipo adokotala adzakufotokozerani musanasainire chilolezo. Koma ngozi ya kuthaŵa ndi mwana wofunika opaleshoni imaposa ngozi ya mankhwala ogonetsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ngati pali chimene simunamvetse, funsani anamwino kapena alangizi a zaumoyo musanachoke pa sikelo lero, ndipo mukapita ku chipatala chachikulu musaiŵale buku la mwana.